Kwa Asiyatu, za Mpando Umene Ndinawalanda Amayi Ako

Chikanda, Zomba
Lachinayi masana

Mwana wanga Asiyatu,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe lero, mawa pa ulendo, ndi konse kumene ukupitako.

Ndakhala pakhonde pano chibwerereni ku mzikiti ku swala, pemphero la masana. Amayi ako akusita zovala zako m'nyumbamu, iwe watsikira kutauni kukafuna chikwama china poti chakale chija chakana kutseka. Mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre, ndipo pofika madzulo udzakhala uli m'mwamba, kupita ku dziko limene ine ndimangolimva pa wailesi, kukaphunzira mbiri ya Chisilamu zaka zinayi. Pakamwa panga umapadziwa. Ndikafuna kunena zazikulu ndimathera kukufunsa ngati wadya. N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Uiwerenge lero lomwe kalatayi, usaisungire m'ndege.

Ndiyambe ndi za Lamulungu lapitali, chifukwa ndikudziwa kuti zikadakuwawa. Tinaitana abale kudzatsanzikana nawe. Amalume ako, a Shehe Idrisa, ali pakati pa kudya anati, "Kaphunzire mwanawe, koma ukadzabwera usadzatisokoneze ndi zoti mkazi atsogolere anthu. Masiku a Mtumiki kunalibe zimenezo." Iwe unaika supuni pansi n'kuyamba kuwatchulira amayi a masiku oyambirirawo mmodzimmodzi, ukupinda zala. Mpaka pamenepo unali bwino. Koma unamaliza ndi mawu akuti, "Kapena mabuku amenewo simunawafike, amalume." Iwo anasamba m'manja, anavala nsapato, n'kusiya mpunga uli theka. Unandiyang'ana, ine ndinayang'ana m'mbale. Alendo atapita unati, "Ababa, munangokhala chete."

Ndinakhaladi chete. Sikuti ndinalibe mbali. Mkangano umenewu sunayambe Lamulungu, unayamba iwe uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo munthu amene analakwa kwambiri pa nkhaniyi si amalume ako ayi. Ndine. Zina mwa izi unaziona ndi maso aubwana, koma sunauzidwe. Lero ndikuuza.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwakung'ono, ndisanakwatire n'komwe. Ndinapita ku sitolo ina ya amwenye kutauni kuno kukagula nsalu za ukwati. Ndinapeza mayi wachikulire atakhala kuseri kwa kauntala, magalasi ali pamphuno. Anandifunsa chimene ndimafuna, ine n'kuti, "Ndikudikira bwana." Sanatsutse. Anandipatsa mpando. Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, anthu akulowa n'kutuluka, mayiwo akuyeza nsalu n'kumadula. Bwanayo atabwera ndinamufotokozera nsalu imene ndimafuna, iye n'kutembenukira kwa mkazi wake, "Kodi ya mtundu umenewu tili nayo?" Mayiwo anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, n'kuitsitsa pa shelefu. Akudula anandifunsa, "Kofiya wavalayo, ndiwe Msilamu?" Ndinavomera. "Nanga Mtumiki wako, asanakhale Mtumiki, ankayendetsa malonda a ndani?" Ndinkadziwa yankho, mwana aliyense wa ku madrasa, sukulu yathu ya chipembedzo, amalidziwa: a mayi wamalonda wa ku Makka, amene pambuyo pake anadzakhala mkazi wake, ndiponso munthu woyamba kumukhulupirira. Mayiwo anaseka n'kuti, "Akanakhala ngati iwe, bwenzi akudikira bwana mpaka lero." Ndinaseka nawo, ndinanyamula nsalu zanga, koma m'mutu simunalowe kanthu. Nkhani ya mayi wamalondayo ndinkaidziwa ngati nyimbo, osaganiza kuti ikundikhudza ine. Mwana wanga, kumeneko ukaloweza zambiri. Usakalole kuti zimene ukudziwa zikhale kwina, zimene ukuchita zikhale kwina. Ndipo ukalowa pamalo, m'buku kapena m'nyumba ya munthu, uziyang'ana amene akugwira ntchito, osati amene dzina lake lalembedwa pakhomo.

Kulakwa kwachiwiri kunachitikira m'nyumba ino, tili ndi miyezi iwiri yokha m'banja. Uyenera kudziwa mmene amayi ako anaphunzirira Chiarabu. Agogo ako aamuna ankaphunzitsa mwana wawo wamwamuna, amalume akowo, pa mkeka m'chipinda. Amayi ako ankakhala kuseri kwa chitseko akusankha mpunga, akumvetsera. Palibe anawaitana, palibenso anawathamangitsa. Pamene amalume ako ankatumizidwa kunja kukapitiriza maphunziro, amayi ako anatsala ndi mabuku amene iwo anasiya. Tsiku lina ndikutsogolera swala kunyumba kuno, tili awiri, ndinalumpha ndime. Titamaliza anandiuza mwaulemu kuti, "Pajatu mwadumpha, ndiponso liwu lija simulitchula choncho." Ndinakwiya. Ndinatha masiku atatu ndikuyankha ndi mutu wokha. Tsiku lachinayi anandibweretsera tiyi n'kukhala pambali panga. Anati, "Amuna akuluakulu amene anayenda ndi Mtumiki ankati akasiyana maganizo, ankapita pakhomo pa mkazi wake kukafunsa, iye n'kumawakonza. Palibe amene anachoka pamenepo atatupa masiku atatu." Ndinamwa tiyiyo, mawa lake ndinawapempha kuti andiphunzitse. Zonse zimene ndimawerenga bwino lero zinachokera pakamwa pa amayi ako, koma kwa zaka zambiri sindinauze munthu. Iwe, wina akakukonza, ngakhale ali wamng'ono kwa iwe, ngakhale simugwirizana, uzithokoza tsiku lomwelo. Ndipo amene wakuphunzitsa uzimutchula pagulu. Usaiwale zimenezi.

Tsopano ndifike pa chachikulu. Chaka chimene unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri chija, mvula ya mphepo inasasula denga la madrasa yathu ya kuno ku Chikanda. Mwalimu, mphunzitsi wa anawo, anachoka, komiti inangomwazikana, ana n'kumangoyendayenda. Amayi ako anayamba kuwasonkhanitsa pakhonde lino, poyamba asanu, kenako mpaka pabwalo ponse kudzaza. Iwenso unali momwemo, ukukumbukira. Patapita miyezi, akuluakulu anaitanitsa msonkhano wa makolo woti asankhe komiti yatsopano. Tinakhala m'chipinda chopanda dengacho, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo pa mikeka. Atafunsa dzina la wapampando, panaimirira mayi wina wogulitsa mandasi, Abiti Saidi, n'kuti, "Ine ndikutchula Abiti Mussa. Ana athu akuwaphunzitsa kale ndi iwowo, denga lilipo kapena palibe." Amayi onse anaomba m'manja. Abiti Mussa, ngati waiwala poti kunyumba sitiwatchula choncho, ndi amayi ako.

Bambo wina kutsogolo anaseka n'kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ndikufuna udziwe kuti amene anamukhalitsa chete ndi amalume ako. Anati, "Pano sitikukamba za ng'ombe, tikukamba za mlongo wanga ndi chipembedzo." Kenako anaimirira n'kulankhula modekha. Anati pali hadisi yodalirika, mawu a Mtumiki, yonena kuti anthu amene aika mkazi pa utsogoleri wawo zinthu siziwayendera. Anakumbutsanso za nthawi imene mmodzi wa akazi a Mtumiki anatuluka ndi gulu lankhondo atakwera ngamira, khalifa wachitatu, mtsogoleri wa Asilamu onse, ataphedwa, ndipo Asilamu ambiri anafa ataphana okhaokha. "Mlongo wangayu ndi wanzeru kuposa ine," anatero, "aphunzitse ana, sindikuletsa. Koma mpando ayi. Ndikuopa Mulungu, sindikuopa iye."

Amayi ako anapempha kuyankha. Sanaimirire, analankhula ali pa mkeka pomwepo, koma mawu awo anamveka mpaka kukhomo. Anati, "Achimwene, hadisiyo ndikuidziwa, ndinaimvera kuseri kwa chitseko tsiku limene bambo ankakuphunzitsani. Koma munene yonse. Mtumiki ananena zimenezo atamva kuti a ku Perisiya alonga mwana wamkazi wa mfumu yawo. Anthu ophunzira amasiyana pamenepa, ena amati ndi za udindo uliwonse, ena amati ndi za ufumu wa dziko lonse. Ife pano sitikulonga mfumu, tikufuna munthu wogula malata." Anthu anaseka. Anapitiriza, "Za ngamira sindikana. Anthu anafa, ndipo mwini wakeyo ankalira akakumbukira. Koma pa nkhondo imeneyo amuna otsogolera analiponso mbali zonse ziwiri, bwanji sitinena kuti amuna asamatsogolere?" Anakambanso za tsiku limene Asilamu anatsekeredwa njira yolowera ku Makka, mitima itasweka, Mtumiki n'kuwalamula kuti azinge nyama zawo ndi kumeta, koma palibe anadzuka. Anati amene anapereka nzeru tsiku limenelo anali mkazi wake wina, kuti Mtumikiyo atuluke osalankhula ndi munthu, ayambe yekha kuchita, ndipo onse anatsatira.

Ndiye mkulu woyendetsa msonkhano anatembenukira kwa ine. "Mwini banja ali pompano. A Kassimu, inu mukuti bwanji?"

Mwana wanga, ndinkadziwa yankho loona monga ndimadziwira dzina langa. Koma nditaimirira ndinaona nkhope za amuna amene ndimaima nawo pa mzere umodzi Lachisanu lililonse. Ndinamva kale zimene adzanene pa bawo, zoti a Kassimu akulamulidwa kunyumba kwawo. Ndinatsegula pakamwa n'kuti, "Kunyumba kuli ntchito zambiri, mwananso akadali wamng'ono. Sangakwanitse." Wina anakuwa kuti, "Basi mukhalepo ndinu." Manja anakwera. Ndinalowa m'chipinda chija ndili mwamuna wa munthu woyenera, ndinatuluka ndili wapampando.

Pobwerera amayi ako ankayenda patsogolo atakugwira dzanja. Titafika sanakalipe, mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anangoti, "Abambo ake Asiyatu, achimwene anena zimene amakhulupirira. Inu mwanena zimene simukhulupirira. Mukanati simukufuna, ndikanamva. Koma mwati sindingathe." Analowa kukhitchini. Ine ndinakhala pakhonde lomwe lino mpaka swala ya madzulo inandipitirira.

Tamvera bwino pamenepa, chifukwa ndiye mtima wa kalatayi. Munthu amene angakupweteke kwambiri si amene akukutsutsa poyera. Ndi amene akudziwa kuti ukunena zoona, koma akuopa anzake. Oterowo ukawapeza, ena mwa iwo adzakhala okukonda. Ndipo tsiku lina, ukadzakula n'kukhala ndi dzina loti uliteteze, iwenso adzakufunsa pagulu za munthu wina kuti ukuti bwanji. Usadzachite zimene ndinachita ine. Ngati mantha akugwira, ndi bwino kunena kuti ndikuchita mantha kusiyana n'kumunamizira munthu kuti sangathe.

Zaka zisanu ndinakhala pa mpando umenewo. Ine ndinkadzuka m'mawa kukwera phiri ku ntchito yanga ya zankhalango, kubwera madzulo nditanunkha utomoni wa paini, miyendo ili lendelende. Amene anapeza mwalimu watsopano ndi amayi ako. Amene anayenda khomo ndi khomo mpaka denga linabwerera ndi amayi ako. Msonkhano ukayandikira ankandilembera zokanena papepala, ine n'kukaziwerenga, anthu n'kumati a Kassimu ali ndi mutu. Iwo ankakhala kumbuyo pa mkeka. Zaka zisanu zonsezo sanatsegulenso pakamwa pa msonkhano, ngakhale kamodzi. Kunyumba ankaseka, ankandisamala, koma panali kachipinda kena mumtima mwawo kamene anandikhomera, ndipo ndinkadziwa.

Chimene chinanditsegula maso ndi mtengo uja. Unali mu sitandade seveni. Tinkagwetsa mapaini kumtunda kwa damu la Mulunguzi, umodzi unakodwa pa unzake n'kubwerera kumene sitinkayembekezera, n'kundiphwanya mwendo. Ndinagona m'chipatala miyezi itatu. Amuna a mukomiti ankabwera kudzandizonda, ndipo akatha kufunsa za mwendo ankayamba za madrasa. Mayeso a ana achitike liti? Funsani akunyumba. Mwalimu akufuna tchuthi, alowe m'malo ndani? Funsani akunyumba. Tsiku lina mmodzi wa iwo, bambo uja wa ng'ombe yaikazi, anakanda m'mutu n'kuti, "Koma a Kassimu, chigonereni inu muno palibe chimene chaima." Ankafuna kundilimbitsa mtima. Atapita ndinatembenukira kukhoma n'kulira, osati chifukwa cha mwendo. Amayi ako atabwera ndi chakudya ndinawauza kuti, "Ndinakulakwirani pamaso pa anthu, ndikakonza pamaso pa anthu." Iwo anangoti, "Idyani kaye, chizizira."

Msonkhano woyamba nditatuluka ndinapita ndi ndodo. Ndinawauza makolo onse kuti zaka zisanu ndakhala ndikuwerenga mapepala a munthu wina, ndiponso kuti tsiku lija ndinanama. Ndinatula pansi udindo. Abiti Saidi anatchulanso dzina lomwe lija, ndipo ulendo uno manja anakwana. Usaganize kuti zinatha mokoma. Mabanja anayi anachotsa ana awo. Amalume ako ananena kuti maganizo awo sanasinthe, anatuluka mwaulemu, ndipo pafupifupi zaka ziwiri sanaponde pakhomo pano. Amayi ako ankawasowa kwambiri. Pa chikondwerero cha Idi ankawapakulira chakudya n'kukutuma kuti ukapereke, iwe osadziwa chifukwa chake sakubwera okha.

Ukanaganiza kuti pamenepo ndinachenjera, koma ayi, ndinalakwanso, ulendo uno mbali inayo. Munthu wotembenuka mochedwa amakhala waphokoso. Ndinayamba kukangana ndi aliyense za nkhaniyi, pa minibasi, pa maliro, paliponse. Tsiku lina pa sadaka ya m'bale wathu ku Chinamwali ndinakumana ndi amalume ako, anthu ali tho. Ndinali nditamva za mayi wina amene amati khalifa wachiwiri anamupatsa udindo woyang'anira msika wa ku Madina. Ndinaitulutsa nkhaniyo mokweza, ndikuloza ndi chala, n'kuti, "Alamu, apa ndiye mutani? Kapena mumabisa dala?" Iwo anandifunsa mofatsa kuti nkhaniyo anaisimba ndani, anaimva kwa ndani. Sindinadziwe. Anafotokoza kuti akatswiri ena akale anaikayikira nkhaniyo, ndipo anatchula chifukwa chake. Ndinatembenukira kumene kunakhala amayi, ndikuyembekeza kuti amayi ako andiombola. Iwo anati, "Achimwene akunena zoona. Nkhaniyo ilipo m'mabuku, koma ena amaikayikira. N'chifukwa chake ine sindinaitchule tsiku lija." Ndinachita manyazi mpaka m'mapazi. Panjira ndinawadandaulira kuti andivula pagulu. Anati, "Ndikanakuvomerezani, mawa achimwene sakanakhulupiriranso ngakhale zoona zimene ndimanena."

Asiyatu, iwe ukupita kukaphunzira zinthu zimenezi mozama kuposa tonsefe. Ukapeza nkhani zokoma zimene mtima wako udzafune kuti zikhale zoona. Pamenepo ndiye uzifunsa kwambiri kuti ananena ndani, anamva kwa ndani. Safunsa anadya phula. Ukapezanso nkhani zowawa, zosagwirizana ndi zimene umafuna. Usakazibise pansi pa mkeka. Amayi a masiku amenewo anali anthu, ankachita malonda, ankaphunzitsa, ankasamala ovulala ku nkhondo, ankatsutsa akuluakulu, ndipo nthawi zina ankalakwitsa monga amunanso ankalakwitsira. Sakufunika kuti iwe uwapake utoto. Ndipo wokutsutsa akanena zoona, uvomere pompo anthu akumva, ngakhale zikuchepetse.

Ukudziwa chimene chinachitika pambuyo pa sadaka ija? Patangotha masabata awiri amalume ako anafika pakhomo pano, buku lili kukhwapa. Anakana kulowa, anakhala pakhonde. Anati kwabwera mayi wina kwa iwo ndi funso la zaumayi lokhudza kusala, ndipo mabuku awiri akunena zosiyana. "Abiti Mussa, iwe umaliona bwanji?" Anakhala pamenepo awiriwo mpaka dzuwa kupendeka, mitu ili pamodzi pa buku, akutsutsana, akuseka, akukumbutsana mmene bambo awo ankakalipira. Sanapepese, amayi akonso sanawapemphe kutero. Mpaka lero amalume ako amakhulupirira kuti mpando uja sunayenere mkazi, ndipo mpaka lero funso likawavuta amabwera kwa mlongo wawo. Ine poyamba zinkandizunguza mutu. Tsopano ndinangovomereza kuti anthu ndi otero, ndipo chibale ndi fupa, sichiola.

Pali chinthu china chimene anandiletsa kukuuza, koma ndaswa kale zambiri lero. Sukulu imene ukupitayi inkafuna kalata ya shehe wodziwika yokuchitira umboni. Iwe umaganiza kuti inalembedwa ndi mwalimu wako wakale. Mwalimuyo anangoitumiza. Anailemba ndi amalume ako, m'Chiarabu, masamba awiri. Amayi ako anandiwerengera. Analemba kuti pa ana onse amene anawaonapo, aamuna ndi aakazi, sanaonepo wofunsa mafunso ngati iwe, ndiponso kuti udzawavutitsa aphunzitsi ako koma asadzatope nawe. Ankadziwa bwinobwino zimene ukufuna kukafufuza kumeneko. Analembabe.

Ndiye Lamulungu lija, iwe utanena kuti mabuku sanawafike, ine ndinamva mawu anga a pa sadaka paja akutuluka pakamwa pako. N'chifukwa chake ndinayang'ana m'mbale. Pa mfundo ndili mbali yako, ndipo ndikulemba pano kuti usadzakayikenso: ndili mbali yako, mwana wanga, ndiponso ndikanayenera kunena zimenezi pomwepo anthu akumva, kenako n'kukudzudzula za ulemu. Kukhala chete kuja n'kulakwa kwanga kwina, kwatsopano. Koma mawu omaliza aja sanali a mfundo, anali ofuna kubaya. Mawa amalume ako akhala ali pa mzikiti ikatha swala ya m'bandakucha, monga mwa masiku onse. Minibasi zilipo zambiri. Upite ukawapeze. Sindikuti ukasinthe maganizo, ngakhale pang'ono. Ukangoti, "Amalume, ndinalankhula mopanda ulemu, mundikhululukire, mundichitire duwa, mundipempherere." Za kalata ija usakatchule, angandidye wamoyo.

Zotsalazi ndi zazing'ono. Kumeneko akuti kumazizira kuposa pamwamba pa phiri mu Juni, ndiye juzi lija usalisiye ngakhale ukuti ndi lachikale. Swala usaitaye chifukwa cha mayeso, ndiponso usaitaye chifukwa chokwiya ndi anthu opemphera. Ukakumana ndi ena okuuza kuti chipembedzo chako chimapondereza akazi, ndiye uchisiye. Ukakumananso ndi ena okuuza kuti mafunso ako ndi kupanda chikhulupiriro, ndiye uwasiye. Onse awiri uwamvetsere mpaka amalize, koma usawapatse chimene akufuna. Upeze mnzako mmodzi amene angakuuze kuti walakwa, umusunge. Wina akadzakufuna banja, usadzayang'ane mmene amakuyamikira muli awiri, udzayang'ane zimene amanena za iwe anzake ali pomwepo. Pamenepa ndikulankhula ngati munthu wodziwa.

Ukamaimba foni ine undipatse moni chabe, ndikhuta. Koma zimene ukuphunzira uziwauza amayi ako, zonse, ngakhale zovuta. Uziwajambulira masamba n'kuwatumizira. Iwo sanapeze mwayi wokhala m'chipinda momwe munali mphunzitsi, ndipo chilandirireni uthenga wa sukulu yako akhala akulemba mafunso m'kope loti ukawafunsire. Afika tsamba lachisanu ndi chinayi. Usakatope nawo.

Ndakuonera patali ukukwera kanjira ka kumsika, chikwama chili pamutu, ndiye ndilekere pano. Posachedwapa amayi ako anatuluka ndi mulu wa zovala n'kundifunsa chimene ndikulemba chikhalireni. Ndinati ndikumulembera mwana zolakwa zanga. Anasuzumira papepala, n'kuti, "Mapepala akwana, kapena ndikakubwerekereni ena kwa aneba?" Kenako anandigwira paphewa, dzanja lili lofunda ndi simbi, ndipo sanalichotse msanga.

Pita bwino, Asiyatu. Mulungu akutsogolere, akutsegulire zimene ife tinalephera kumvetsa, ndipo akubweze kuno tikadali ndi maso okuonera.

Ndine bambo ako,
Kassimu